Magalimoto okalamba a ku Angónia amachirira pakhomo

Munthu akachoka pa boma la Dedza m'mawa, n'kudinditsa chiphaso pa chipata cha m'malire, akangoponda pa Calomue ndiye kuti walowa m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete, dziko la Mozambique. Chiyankhulo sichisintha. Moni ndi yemweyo, ziwongo ndi zomwezo, ndipo makomo ambiri a kumeneko ali ndi mkamwini kapena mtengwa wochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu. Chimene chimasintha ndi zikwangwani za Chipwitikizi ndi ndalama ya metical basi.

Msewu wa tala wochokera pa Calomue umadutsa pa Ulongwe, likulu la bomali, lomwe akuluakulu amalitchabe kuti ku Vila chifukwa pa nthawi ya Apwitikizi linkatchedwa Vila Coutinho. Kuchoka apo umatsetsereka mpaka pa Mussacama pomwe umakumana ndi msewu waukulu wa pakati pa Tete ndi Zóbuè. Woyenda pa talapo amaona zitunda zofiira, madambo odzaza ng'ombe, mizere ya bulugama, ndipo chapatali phiri la Domwe lomwe kutalika kwake kumapitirira mamita 2,000. Kumeneko ndi kumene Angoni a Maseko adakhazikika m'zaka za m'ma 1800, malire a mayiko awiriwa asanadulidwe mu 1891.

Koma Angónia weniweni sali pa tala ayi. Ali m'timisewu ta fumbi tolowera m'midzi ya ku Domwe, ya ku Lifidzi ndi yoyang'anana ndi Tsangano, komwe kumachokera kachewere, nyemba, kabichi ndi chimanga zomwe zimadyetsa mzinda wa Tete ndi kudzaza misika ya m'malire ngati Lizulu. Amene angalowe m'timisewu timeneti m'mwezi wa Sepitembala kapena Okutobala, asanaone n'komwe chimene chikuchitika, amayamba wamva kulira kwa nyundo pachitsulo. Imeneyi ndi nyengo yokonza magalimoto, mvula isanagwe.

Pakhomo pena, kuseri kwa nkhokwe, pali Land Rover yaitali ija ya 109 itakhala pa zipika zinayi, matayala onse atachotsedwa. Pamwamba pake aimika milongoti itatu ya bulugama yomangidwa pamodzi kunsonga, ndipo pakatipo pakulendewera tcheni chokwezera injini. Pansi ayala matumba a feteleza, pa matumbapo pali zitini, ndipo chitini chilichonse chili ndi mabawuti a malo amodzi kuti asasokonezeke pobwezera. Nkhuku zikungoyendayenda pakati pa zitsulozo. Mwini wake ndi mlimi wa kachewere wa zaka za m'ma 50, yemwe adaphunzira kugwira sipanala ali kamnyamata kothawa nkhondo ku Dedza, akutsuka zitsulo pa galaja ina kuti apeze ya sopo.

Mlendo angadabwe kuti munthu wamkulu akuvutikiranji ndi chigalimoto chofanana naye zaka. Yankho lili m'dothi. Walira mvula walira matope, ndipo matope a ku Angónia ndi a katondo, oterera ngati sopo pa chitunda, omata ngati phala m'dambo. Mvula ikakhazikika malole a ogula mbewu amathera pa tala. Chovuta n'chakuti kachewere wa mvula amakhwima mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi yomwe misewu yafika poipitsitsa, ndipo kachewere si chimanga choti n'kuika m'nkhokwe kudikira kuti kunja kuume. Akakumbidwa m'dothi lonyowa sachedwa kuola. Mlimi amene alibe njira yofikitsira katundu pa tala amagulitsa pa mtengo umene venda wabwera nawo pakhomo, ndipo vendayo amadziwa bwino kuti mnzakeyo alibe kolowera. Ngolo ya ng'ombe imathandiza, koma ulendo umene galimoto imayenda ola limodzi ngolo imathera tsiku.

Palinso zina zosadikira kuti kuche: mayi woyembekezera amene nthawi yake yakwana usiku, mwana amene malungo amukomola, maliro ochokera ku chipatala cha ku Ulongwe. Galimoto yokoka ndi matayala onse anayi ikakhala imodzi m'midzi isanu, kuwonongeka kwake si nkhani ya banja limodzi.

Magalimoto amenewa adabwera m'magulumagulu, ndipo munthu wodziwa angawerenge mbiri ya bomali pongoyang'ana zigoba zomwe zili m'makomo. Oyamba adali ma Land Rover a azungu a minda, a boma la Apwitikizi ndi a ansembe a ku mishoni za Lifidzi ndi Fonte Boa. Dziko litalandira ufulu mu 1975 azungu ambiri adachoka, ndipo minda yawo idaphatikizidwa kukhala munda waukulu wa boma wotchedwa CAIA, womwe udali ndi mathirakitala ndi malole ambirimbiri. M'zaka zomwezo m'dzikomo mudalowa malole a IFA ochokera ku East Germany. Ambiri mwa amenewa adaima kaamba kosowa masipeya, ena nkhondo idawatentha. Nkhondoyo itafika poipa mu 1986, anthu a ku Angónia adakhamukira kwa abale awo ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo othawa nkhondo m'dziko la Malawi adafika popitirira 1 miliyoni. Misewu ya kumidzi idamera tchire, ina idatcheredwa mabomba okwirira.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, kudabwera gulu lachiwiri, ma Land Cruiser oyera a UNHCR ndi mabungwe ena omwe ankabwezera anthu kwawo, kukumba mijigo ndi kufukula mabomba. Ntchito ya mabombayo idatenga nthawi, mpaka mu 2015 pomwe dziko la Mozambique lidalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Mabungwe akamatsiriza ntchito ankagulitsa magalimoto otopa, ndipo ena mwa iwo adagwera m'manja mwa amalonda ndi alimi. Gulu lachitatu ndi la ma Hilux ogwirapo kale ntchito kunja, omwe ndi amene achuluka masiku ano. Ma Land Rover akale atsala owerengeka, ndipo iliyonse yomwe ikuyenda yadya inzake iwiri kapena itatu.

Amakaniko a pakhomo amaikonda Land Rover yakale chifukwa idamangidwa ndi mabawuti okhaokha. Yoyamba idatuluka ku England mu 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, chitsulo chikusowa, choncho thupi lake adalipanga ndi aluminiyamu yemwe sachita dzimbiri. Mtundu wa Series III, womwe ndi wa pakhomo lija, udapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Mulibe kompyuta, mulibe chilichonse chofuna makina a m'tauni kuti chinene pomwe pakupweteka. Zitseko, denga, mipando, zonse zimamasuka ndi sipanala. Koma sipanala yake ndiye yovuta. Mabawuti ambiri ndi a muyeso wa mainchesi, ndipo masipanala a mamilimita ogulidwa pamsika amaterereka n'kudya mutu wa bawuti. N'chifukwa chake bokosi la masipanala akale limagona kuchipinda pamodzi ndi eni ake, ndipo wofuna kubwereka amabwera yekha, satuma mwana.

Thupi losachita dzimbirilo ndi lomwe limapusitsa ogula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pansi pa aluminiyamuyo pali chesisi, msana wa galimoto, yomwe ndi yachitsulo ndipo m'kati mwake ndi mwamphako ngati nsungwi. Matope amalowera pa timabowo n'kukhala m'menemo ali onyowa miyezi ingapo, ndiye dzimbiri limadya kuchokera m'kati kunja penti ali bwinobwino. Makaniko wodziwa samvera mawu a wogulitsa. Amalowa pansi ndi kanyundo n'kumagogoda kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu. Chakufa chimangoti phu, ndipo pena nyundo imalowa m'kati. Malo oyamba kufa ndi mtanda wa kumbuyo kwenikweni, pomwe amakolowekapo chokoka, ndi timikono tomwe timagwira masipuling'i ndi thupi.

Pakhomo lija nyundo idalowa malo atatu. Kuti awotcherere bwino adachita kuchotsa bodi yonse ya kumbuyo, ndipo apa mutu umodzi susenza denga: padafunika amuna asanu ndi mmodzi ndi ndowa ya thobwa. Wowotcherera adachokera ku Ulongwe, makina ake ndi jenereta zili pangolo. Asanayatse moto adayamba wachotsetsa thanki ya mafuta, yomwe pa magalimoto amenewa imakhala pansi pa mpando, n'kumasula batire. Kenaka adadula malo onse odyeka mpaka kufika pa chitsulo chamoyo. Ena pofuna kufulumira amangomata chigamba pamwamba pa dzimbiri n'kupaka penti wakuda. Chigamba chotere chimaoneka bwino chaka chimodzi, chachiwiri chimang'ambika galimoto ili ndi katundu. Atatsiriza adathira oyilo wakutha m'kati mwa chesisi kuti dzimbiri lichedwe kubwerera.

Nkhani yomwe imasonkhanitsa anthu pakhomo ndi ya injini. Land Rover imeneyi idabadwa ndi injini ya petulo ya malita 2.25, yosavuta kukonza koma yomwa mafuta modetsa nkhawa. Kumtunda kuno injini iliyonse yopanda tebo imachepa mphamvu chifukwa mpweya ndi wopepuka. Pa mamita 1,500 imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a mphamvu zake. Choncho ambiri amazula injini yakaleyo n'kuika ya dizilo ya ku Japan, kawirikawiri ya Toyota 2L kapena 3L yochotsedwa mu Hilux yomwe idachita ngozi. Dizilo amayenda mtunda wautali pa lita, ndipo masipeya a Toyota amapezeka ku Tete, ku Ulongwe ngakhalenso ku Lilongwe, ku Malangalanga ndi ku Biwi, makilomita ngati 85 kuchokera pa Dedza.

Kunena n'kosavuta. Injini ya Toyota ndi giyabokosi ya Land Rover sizidabadwire nyumba imodzi, ndipo kuti zikwatirane pamafunika mbale yachitsulo yolumikizira, yobooledwa mabowo mbali zonse ziwiri. Mbale imeneyi si yosula pakhomo ndi tchizulo. Ikaphonya pakati ngakhale pang'ono pokha, kilatchi imatha msanga, ndipo mabelingi a m'giyabokosi amayamba kulira pasanathe miyezi. Mwini galimoto uja adatenga zitsulo ziwirizo pa lole ya kabichi kupita nazo ku Tete, ulendo wa makilomita opitirira 200, kukapangitsa mbaleyo kwa anthu a makina osemera zitsulo. Zotsalazo adachita yekha: miyendo yatsopano yokhazikapo injini, paipi yobwezera dizilo ku thanki, ledieta yotsukidwa bwino, ndi batire lalikulu, chifukwa dizilo salira ndi batire lofooka, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi pomwe kuno kumazizira mpaka udzu kuyera. Amene mahita a injini yawo adapsa amagoneka galimoto pa chitsetso, kuti m'mawa ana a sukulu akankhe.

Injini za Toyota zimenezi zimayendera lamba wa taimingi yemwe eni ake adati azisinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse. Injini yogula pa chigoba palibe amene amadziwa kuti lamba wake wayenda mtunda wotani, ndipo akaduka injini ikuyenda mapisitoni amamenya mavavu, ndalama zonse zija n'kupita m'madzi. Lamba watsopano amaikidwa injini ikadali pa tcheni, pomwe manja akufika paliponse.

Ndalama zake zidachokera m'khola. Ng'ombe ziwiri zidapita, ndipo mayi wa pakhomopo, yemwe ndi amene amasunga kabuku ka ndalama, sadavomere tsiku limodzi. Funso lawo lidali lomveka: ng'ombe zimabereka ndipo zimapereka manyowa, nanga injini idzabereka chiyani? Adagwirizana kuti ndalama ya feteleza isakhudzidwe, ndiponso kuti mwa ndalama iliyonse yomwe galimoto idzabweretse, gawo lizilowa m'kachitini kakekake ka matayala ndi oyilo. Magalimoto ambiri a kumidzi amafa chifukwa chosowa kachitini kameneka. Ndalama ya matola imadyedwa tsiku lomwelo, tayala likaphulika galimoto n'kukhala pa zipika mpaka nkhuku kuikiramo mazira.

Injini yogula imafunanso mapepala ake. Nambala ya injini imalembedwa mu livrete, buku la galimoto lomwe ku Malawi amati bulubuku, ndipo wosintha injini ayenera kukasinthitsa zolembedwazo. M'malire muno mumadutsa magalimoto ndi zitsulo zakuba, choncho wogula injini popanda lisiti ndi kalata ya wogulitsa akhoza kudzataya injini ndi galimoto yomwe pa lodibuloko.

Injini ikalowa, maso a mwini galimoto amapita ku masipuling'i. Aliyense amafuna kuti galimoto yake izinyamula zambiri, ndipo njira yake ndi yodziwika: kuwonjezera masamba awiri kapena atatu pa sipuling'i iliyonse ya kumbuyo, otengedwa ku Land Cruiser kapena ku lole yaing'ono. Galimoto imatukuka kumbuyo ngati tambala, ndipo ikasenza siikhala pansi. Koma Land Rover ya 109 wamba siidapangidwe kuti izinyamula zofika tani imodzi, pomwe matumba 20 okha a feteleza a makilogalamu 50 akwana kale tani. Thumba la kachewere losokerera mutu pamwamba, monga amachitira mavenda, limalemera kuposa pamenepo. Pamwamba pa matumbawo pamakhalanso eni katundu, wina ndi mbuzi yake.

Masipuling'i olimba amangobisa kulemera, sakuchotsa. Katundu yemwe sipuling'i yakana kugonja naye amapita ku chesisi, ku mabelingi ndi ku mashafuti a matayala. Ma Land Rover aafupi a 88 ndi akale a Series IIA ali ndi mbiri yothyola shafuti ya kumbuyo, makamaka dalaivala akaponda moto m'matope tayala likuzungulira, kenaka tayalalo n'kugwira mwala mwadzidzidzi. Ya 109 ya Series III idabwera ndi difu ya kumbuyo yolimba ya mtundu wa Salisbury, ndipo n'chifukwa chake amakaniko amaisakasaka. Komabe giyabokosi ndi difu ya kutsogolo ndi zomwe zija, zopangidwira injini yofatsa.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene m'makomo ambiri chimakonzedwa pomalizira, ndalama zitatha, ndipo pena sichikonzedwa n'komwe. Mabuleki. Munthu wagulitsa ng'ombe kuti galimoto ikhale ndi mphamvu yokwera phiri, wawonjezera masamba kuti inyamule kawiri, koma choimitsira chikadali chomwe chija cha zaka 40 zapitazo. Angónia ndi dziko la zitsetso, ndipo pansi pa chitsetso chilichonse pali mtsinje ndi kamlatho kopapatiza.

Mabuleki a magalimoto amenewa ndi a dilamu matayala onse anayi, ndipo sadzikonza okha. Nsapato zake zikamadyeka pamafunika kuzisendeza ndi sipanala kuseri kwa tayala, apo ayi phazi limayamba kulowa pansi, dalaivala n'kuzolowera kupopa kawiri kapena katatu asanaime. Dalaivala wopopa mabuleki amadzitama kuti galimoto yake amaidziwa, koma ng'ombe yodumphira mumsewu siyembekeza kupopa kwachitatu. Akale kwambiri ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, kutanthauza kuti paipi imodzi ikabooka, matayala onse anayi amasiya kugwira nthawi imodzi. Mapaipi achitsulowo amayenda m'mbali mwa chesisi, m'matope omwe aja odya chitsulo. Amene wachotsa bodi kuti awotcherere n'kubwezera osasintha mapaipi, wataya mwayi womwe sudzabweranso msanga.

Mafuta a mabuleki akatha pa ulendo, ena amathira madzi a sopo, ena oyilo wa injini, ena mafuta ophikira. Madzi amawira mabuleki akatentha pa chitsetso chachitali, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Oyilo amatupitsa mphira za m'kati, ndipo zikatupa zonse ziyenera kusinthidwa. Vuto lina ndi oyilo wa m'difu yemwe amadontha pa silo yakutha n'kunyowetsa nsapato za mabuleki. Kuziwotcha pamoto kapena kuzitsuka ndi palafini kumathandiza masiku ochepa, kenaka oyilo yemwe adalowerera m'kati amatulukanso zikatentha. Mankhwala ake ndi silo yatsopano ndi nsapato zatsopano, ndipo mtengo wa zonsezi sufika ngakhale pa tayala limodzi.

Osintha injini ali ndi msampha wawo wapadera. Pa magalimoto omwe ali ndi busita, chibakuli chija chothandiza phazi kuponda mabuleki, mphamvu yake imachokera ku mpweya womwe injini ya petulo imayamwa. Injini ya dizilo siyamwa motero. Imadalira kapampu kena, komwe pa injini za Toyota zija kamakhala kumbuyo kwa alitaneta. Wogula injini yopanda alitaneta yake n'kuikapo ina iliyonse, kapena woiwala kulumikiza paipi ya kapampuko, amapeza buleki yauma gwa ngati mwala tsiku loyamba lomwe wasenza katundu.

Handibuleki ya Land Rover nayo ili ndi khalidwe lomwe ambiri salidziwa. Siigwira matayala, imagwira shafuti yaikulu kuseri kwa giyabokosi. Choncho tayala limodzi la kumbuyo likakwezedwa pa jeke, kapena shafuti ya tayala ikathyoka, galimoto ikhoza kugubuduka handibuleki ili chikokere. Shafuti ya kumbuyo ikathyoka munthu akhoza kufika kunyumba pokoka ndi matayala a kutsogolo, koma poima paliponse mwala uyenera kulowa kunsi kwa tayala. Wolowa pansi pa galimoto asakhulupirire jeke kapena njerwa. Njerwa imaphwanyika osachenjeza. Chipika cha mtengo wauwisi ndiye chimasenza.

Mwini galimoto uja adachita zimene anzake adamuseka nazo. Adawonjezera tsamba limodzi lokha pa sipuling'i, ndalama yotsalayo n'kugulira mapaipi, mphira, masilo ndi nsapato za matayala onse. Anzakewo ankati wagula zinthu zosaoneka. Iye adali ndi chifukwa chake: ali mnyamata adathandiza kunyamula anthu pa mtsinje wina pomwe galimoto ya matola idalephera kuima, ndipo mwa omwe adawanyamulawo mudali mayi wa m'mudzi mwawo.

Mdani wina wa injini ya dizilo ndi chigubu. Kutali ndi Ulongwe mafuta amagulidwa m'mabotolo ndi m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ndipo pa nthawi zomwe mafuta adasowa ku Malawi, monga mu 2011 ndi 2012 komanso mu 2022 ndi 2024, zigubu zambiri zinkawoloka malire. Chigubu chomwe dzulo chidatunga madzi lero chanyamula dizilo. Madzi ndi fumbi zikafika mu pampu ndi m'manozo, imeneyo si ntchito ya pansi pa mtengo. Pampu imachotsedwa n'kupita kwa akatswiri ku Tete kapena ku Lilongwe, ndipo mtengo wake ndi ng'ombe ina. Ochenjera amasiya chigubu chikhale usiku wonse kuti zoipa zitsike pansi, n'kuthira kudzera pa nsalu yoyera, osakhuthula mpaka kumatako. Amaikanso fyuluta yachiwiri yokhala ndi kagalasi pansi, momwe madzi amaonekera asanafike ku injini. Pa zonse zimene munthu angawonjezere pa galimoto yakale, palibe chotchipa ndi chopindulitsa kuposa kagalasi kameneka.

Achinyamata ambiri a ku Angónia alibe nazo chidwi zonsezi. Iwo mtima uli pa njinga zamoto za ku China, ma Lifo ndi anzake, zomwe zadzaza misika ya m'bomali ndipo zambiri zawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu kukachita kabaza. Njinga yamoto imadutsa pomwe galimoto singadutse, imamwa pang'ono, ndipo yalanda magalimoto akale anthu okwera omwe kale ankalipira mafuta a ulendo. Koma njinga imanyamula matumba awiri, pomwe munda wa kachewere umatulutsa makumimakumi tsiku limodzi, ndipo wodwala wosatha kukhala tsonga sangagonekedwe pa njinga. Pakhomo lija pali kamnyamata kamodzi, mdzukulu wa mlongo wake wa mwini galimoto, komwe kamafika tsiku lililonse kakaweruka ku sukulu. Ntchito yake ndi kutsuka mabawuti m'palafini ndi kupereka sipanala, ndipo kayamba kale kusiyanitsa ya mainchesi ndi ya mamilimita pongoigwira.

Kamnyamatako ndi komwe kadaphunzitsidwa koyamba za ndodo zitatu za pakati pa mipando. Yakuda ndi ya magiya wamba. Ya mutu wachikasu ikakanikizidwa pansi, matayala onse anayi amakoka. Ya mutu wofiira ikakokedwa kumbuyo, galimoto itaima, imalowa magiya amphamvu oyenda pang'onopang'ono ngati kamba. Pofika pa tala zonsezi ziyenera kumasulidwa, chifukwa kuyenda pouma matayala onse akukoka kumapotokola mashafuti ndi kudya matayala. Madalaivala ambiri amaidziwa ndodo yofiira ngati yokwerera phiri ndi yotulukira m'matope. Ochepa ndi amene amaigwiritsa ntchito potsika, pomwe injini ndiyo imagwira galimoto, mabuleki n'kumapuma.

Injini idalira masiku otsiriza a Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana pa Domwe. Idayamba yatsokomola utsi woyera kwinaku akutulutsa mpweya m'mapaipi a dizilo, kenaka idagwira, amayi a pamtondo n'kululutira. Ulendo woyamba udali wopanda katundu, kuzungulira bwalo la mpira, wina atagona chafufumimba pa bodi kumvetsera kulira kwa difu. Wachiwiri adakweza matumba khumi a mchenga n'kupita pa chitsetso cha kudambo, kukaponda mabuleki mwadzidzidzi katatu, n'kutsika kukayang'ana mizere m'fumbi ngati matayala onse anayi agwira mofanana. La kumanzere kutsogolo lidachedwa. Adabwerera pa zipika tsiku lina lathunthu.

Mu Febuluwale, mvula itagwa masiku anayi osalekeza, galimotoyo idanyamuka tambala woyamba asanalire, itasenza kachewere wa mabanja atatu kupita ku tala komwe lole ya ku Tete inkadikira. Pamwamba pa chitsetso cha kumtsinje idaima. Okwera onse adatsika n'kuyamba kuyenda pansi, nsapato zili m'manja. Kamnyamata kaja kadatsogola ndi tochi kukaona ngati madzi sadakwere pa mlatho, ndipo katagwedeza tochiyo kawiri, mwini galimoto adakokera ndodo yofiira kumbuyo, n'kulowetsa giya yoyamba, n'kuchotsa phazi pa buleki.